Zigalimoto za mabwana zikumwa mafuta a yani?

Amene munafikako pa Chonde ku Mulanje tsiku la mwambo wa Mulhako wa Alhomwe mukudziwa zimene ndikunena. Anthu amabwerera tchopa, inde, koma maso a anyamata ambiri amathera poimika magalimoto paja. Ma Land Cruiser VX, ma Prado, ma Lexus, apo ndi apo Range Rover, onse ali ndondondo, magalasi ali bii. Mnyamata wina wa kabaza amene ndinaima naye pafupi anapukusa mutu n'kuti: "Achimwene, tsiku lina nanenso ndidzagula imeneyo." Nditamufunsa ngati akudziwa malita amene imalowa, anandiseka. Akuti wogula yotere safunsa za mafuta.

Chabwino. Poti eni akewo safunsa, lero tifunse ndife.

Sukulu ya ukachenjede ine ndinaisiyira panjira, koma masamu a pamsika sindinaiwale. Tengani Land Cruiser V8 ija amati 200, imene akuluakulu a boma akhala akuyendera zaka zambirizi. Yambiri mwa iyo ili ndi mathanki awiri, onse pamodzi malita 138. Mu October 2025 bungwe la MERA linakweza dizilo kufika pa K3,500 pa lita ndipo petulo pa K3,499, kuchoka pa K2,734 ndi K2,530 imene inaikidwa mu November 2023. Pa mtengo wa 2025 umenewo, kudzaza galimotoyi kamodzi kokha inali K483,000. Chaka chomwecho malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa anali K126,000 pa mwezi. Ndiye kuti mlonda wa pageti amayenera kugwira ntchito pafupifupi miyezi inayi, osadya, osalipira lendi, kuti adzaze thanki ya bwana amene akumutsegulira geti.

Nanga Lexus LX 570, ya petulo, ya masilinda 8? Imeneyo lita imodzi imayenda makilomita 6 kapena 7 basi. Kuchoka ku Limbe kudzera msewu wa Midima kukafika pa boma la Mulanje n'kubwerera ndi makilomita pafupifupi 130. Amenewo ndi malita 20, amene pa mtengo wa 2025 uja anali K70,000, m'katimo muli bwana ndi dalaivala wake. Ka Sienta kamene kamathamanga msewu womwewo katadzaza anthu ndi mitolo ya kaunjika kamangofuna theka lake. Njinga yamoto ya mnyamata wanga uja malita 5 ndi ambiri.

Si ufiti ayi. Chigalimoto chotere chimalemera matani oposa awiri ndi theka musanakweremo munthu, matayala onse anayi amakoka nthawi zonse ngakhale pa tala, ndipo kutsogolo kwake kuli ngati chipupa, chimalimbana ndi mphepo ulendo wonse. Kuwonjezera apo pali mkhalidwe uja wosiya injini ikulira maola awiri bwana ali mu msonkhano, ati akamatuluka apeze m'kati mukuzizira.

Mafutawo ndi chiyambi chabe. Msuweni wanga wina amachita geni ya nandolo ndi chimanga cha ku Limbuli, kufupi ndi chipata cha Muloza. Chaka china nandolo atamuyanja, anakatenga V8 yakale kwa bwana wina ku Blantyre, motchipa ndithu. Ndinamuchenjeza, iye nati wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Mwezi woyamba mudzi wonse unkamutcha bwana, pamaliro ankamupatsa mpando wa kutsogolo. Kenako sevisi inakwana: oyilo yekha malita 9. Matayala anayi anatha pamodzi. Mafuta atasowa pa Chitakale anagula dizilo wa m'zigubu, wosakaniza ndi zimene akudziwa ndi amene anagulitsayo, ndipo injini inayamba kutsokomola. Makaniko anamuuza kuti zopopera mafuta mu injinimo zafa, zilipo 8, ndipo n'zoitanitsa kunja. Apo n'kuti kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Mpamba wa nandolo unathera mu injini.

Mwina wina anena kuti zimenezo n'zake, ndalama ndi zake. Kwa msuweni wangayo ndivomera. Koma pali mbali ina imene imatikhudza tonse, ndipo ndi imene yandilembetsa.

Dziko lino lilibe chitsime cha mafuta. Dontho lililonse limachokera kunja, kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo ogulitsawo safuna kwacha, amafuna dola. Dolayo timaipeza pogulitsa fodya, tiyi, shuga ndi mbewu zina. Tiyiyo ndi wa konkuno ku Mulanje ndi ku Thyolo. Mayi amene amalawira m'mame ndi dengu kumsana kukathyola masamba ndiye amabweretsa dola, koma dolayo ikasanduka dizilo, iye amaiona ikudutsa pamsewu, ikumuthira fumbi. Ndalama zakunja zikachepa, monga zinachitikira mu 2022 ndi 2024, tonse timagona pamzere: wa minibasi, wa chigayo, wa kabaza. Thanki imodzi ya malita 138 ikadzazidwa kutsogolo kwa mzere, njinga zamoto pafupifupi 30 zimene zimangofuna malita 5 iliyonse zabwerera chimanjamanja. Ndipo magalimoto ambiri otere amene timawaona ndi a boma kapena a mabungwe a boma, mafuta ake amalipira ndi msonkho umene inu a geni mumadula.

Atsogoleri akudziwa kuti nkhani imeneyi imawawa. Kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kunali pakati pa madandaulo a zionetsero za pa 20 July 2011, pamene anthu pafupifupi 20 anafa. Mayi Joyce Banda atalowa m'boma mu 2012 analengeza zogulitsa ndege ya pulezidenti ndi ma Mercedes Benz 60 a nduna. A Lazarus Chakwera mu November 2023 analamula kuti mafuta a nduna ndi akuluakulu a boma adulidwe ndi theka. Zonsezi tinaombera m'manja. Koma kudula mafuta n'kusiya chigalimoto chomwecho kuli ngati kuchepetsa gaga wa nkhumba n'kumayembekeza kuti isiya kulira. Pakapita miyezi, mwakachetechete, gaga uja amabwerera.

Yankho limene timapatsidwa nthawi zonse n'lakuti misewu yathu ndi yoipa, bwana sangafike kumudzi pa kagalimoto kakang'ono. Pamenepo pali choona. Amene tinaona zimene namondwe wa Freddy anachita kuno mu March 2023, milatho itakokoloka, midzi ya kwa Njema itakwiririka ndi matope ndi miyala ya m'phiri, sitinganyoze galimoto yokoka matayala anayi. Koma taonani imene imagwira ntchitoyo. Ndi Land Cruiser ya ambulansi ija, ya masilinda 6, yopanda zokometsera, imene makaniko wa pa Chitakale amaimasula ndi sipanala wamba. Ndi ma Hilux amene amakwera m'minda ya tiyi dzinja lonse. Mipando ya chikopa ndi kafiriji ka pakati sizinawolotsepo munthu mtsinje wa Ruo. Ndiponso kuchoka ku Lilongwe kudzafika pa Chonde ndi tala yekhayekha. Kodi matope amene V8 ikulimbana nawo ali pati?

Ine ndikadakonda aphungu athu a kuno ku Mulanje akafunse m'Nyumba ya Malamulo funso limodzi losavuta: unduna uliwonse uli ndi magalimoto angati a mtundu umenewu, ndipo pa chaka amamwa malita angati? Chiwerengerocho achisindikize tichione. Vuto n'lakuti wofunsayo naye anafika ku msonkhanoko pa yotere, yolowa m'dziko popanda msonkho.

Msuweni wanga uja ndinamupeza sabata yatha pa Limbuli akukweza matumba mu ka Probox kobwereka. V8 ili kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango, yakhala pa njerwa. Akuti pabwera anthu atatu kudzaiona, onse akufuna matayala okha.