Penti sichotsa chipale pamsewu

M'madera a kumpoto kwa dziko la America monga Minnesota ndi North Dakota, ntchito ya m'nyengo yozizira imayamba tambala asadalire. Chipale chofewa, chija Angerezi amati snow, chikagwa usiku, eni masitolo amafuna kuti pomwe kukucha malo oimikapo galimoto akhale ali poyera. Naye mlimi amafuna njira yopita kukhola itseguke ng'ombe zisadayambe kulira njala.

Ntchitoyi siidikira. Mu November 2014, madera ena ozungulira mzinda wa Buffalo ku New York adakwiririka ndi chipale cha pafupifupi mamita awiri m'masiku ochepa chabe, moti anthu adalephera ngakhale kutsegula zitseko za nyumba zawo. Pamenepo fosholo ndi wilibala zimachepa mphamvu.

N'chifukwa chake alimi ndi anthu a mabizinesi ang'onoang'ono kumeneko amadalira kathirakitala kotchedwa skid steer, komwe ambiri amangokatchula kuti Bobcat potengera dzina la kampani yomwe idakatchukitsa. Kali ndi matayala anayi ndi chifosholo kutsogolo. Matayala ake sakhota ngati a galimoto. Dalaivala akafuna kukhota, a mbali imodzi amathamanga kuposa a mbali inayo kapena kubwerera m'mbuyo, ndipo makina onse amatembenukira pamalo amodzi akukhwekhwereza pansi.

Makinawa adabadwira m'khola. Mchaka cha 1957, abale awiri osula zitsulo, Cyril ndi Louis Keller a ku Rothsay ku Minnesota, adapanga kamakina ka matayala atatu pofuna kuthandiza mlimi wa nkhukundembo, Eddie Velo, kuchotsa manyowa m'makola ake. Kampani ya Melroe ya ku Gwinner ku North Dakota idatenga luso lawolo mu 1958, n'kutulutsa makina a matayala anayi mu 1960. Dzina loti Bobcat lidayamba mu 1962. Lero makampani monga Case, New Holland, Caterpillar, John Deere ndi JCB nawo amapanga makina otere.

Atsopano ndi odula zedi, kotero wofuna kuchotsa chipale pakhomo ndi pamasitolo angapo, komanso kututa mchenga kapena manyowa nyengo yotentha, nthawi zambiri amathamangira ogwiritsidwa kale ntchito. Ganizoli n'labwino. Pomwe ambiri amaphonya ndi pa zomwe amayang'ana akafika kwa wogulitsa. Maso amathamangira penti yowala, kukula kwa chifosholo ndi mtengo wotsika, chonsecho funso lofunika ndi limodzi: kodi makinawa adzalira m'bandakucha wa tsiku lomwe chipale chagwa?

Kuzizira kwa ku Minnesota si kwa masewera. M'mwezi wa January kumatsika kupitirira madigiri 20 pansi pa ziro, ndipo pa 2 February 1996, ku Tower m'chigawo chomwecho kudafika madigiri 51 pansi pa ziro. Kukazizira motere dizilo wamba amayamba kuundana n'kutseka sefa, oyilo amalimba ngati phala ndipo batire imafooka. Injini yotopa, yomwe mu July imalira bwinobwino, mu January imangokhosomola.

Choncho wogula wanzeru amapita kwa wogulitsa m'mamawa ndipo chinthu choyamba amagwira injini ndi dzanja. Akaipeza yofunda, ndiye kuti wina waitenthetseratu, ndipo ndi bwino kubwereranso tsiku lina. Injini ikalizidwa ili yozizira siibisa matenda. Utsi woyera womwe sukutha pakapita mphindi zingapo, kapena wobiriwira womwe umasonyeza kuti oyilo akupsa, ndi chenjezo lokwanira. Afunsenso ngati makinawo ali ndi chotenthetsera injini cholumikiza kumagetsi usiku, komanso ngati mokhala dalaivala muli chitseko, magalasi ndi hita yogwira ntchito. Munthu wokhala maola asanu pamphepo ya chisanu manja amachita dzanzi, ndipo dzanja ladzanzi ndilo limagunditsa chifosholo pagalimoto ya mwini.

Chachiwiri ndi kukula. Ambiri amaganiza kuti makina aakulu ndiwo abwino, komatu ntchito ndiyo iyenera kulamula. Kwa makina a matayala, katundu yemwe opanga amaloleza ndi theka la kulemera komwe kungawagwetse chafufumimba. Mwachitsanzo, Bobcat S130 imaloledwa kunyamula makilogalamu pafupifupi 590 pomwe S185 imafika pafupifupi 840. Kakang'ono kotchedwa S70 n'kosakwana mita imodzi m'lifupi, moti kamalowa pageti ndi m'tinjira ta anthu oyenda pansi.

Chipale chouma chongogwa kumene n'chopepuka: chodzadza bokosi la mita imodzi mbali zonse chimalemera makilogalamu 100 kapena kucheperapo. Chikanyowa ndi kutsendereka chimatha kulemera kanayi kuposa pamenepo. Apa ndiye kuti makina apakatikati amakwanira ntchito zambiri zapakhomo ndi pamasitolo, bola dalaivala asadzadzitse chifosholo chipale chikakhala chamadzi. Makina aakulu amamwa dizilo wambiri, amafuna ngolo yaikulu ndi galimoto yamphamvu yowakokera, ndipo zonsezi ndi ndalama zomwe wogula sadaziwerengere. Ngati pali ndalama yapadera, ndi bwino ipite ku makina a liwiro la mitundu iwiri, omwe amachoka pa makilomita 11 kufika pafupifupi 18 pa ola, chifukwa pamalo aakulu oimikapo galimoto nthawi yambiri imathera pa kupita ndi kubwerera.

Ena amakopeka ndi makina oyenda pa malamba a labala ngati akasinja. Malambawa ndi abwino m'matope, koma pa tala woundana amaterereka kaamba koti kulemera kwa makina kumamwazikana pamalo aakulu. Matayala ang'ono m'lifupi, ngakhale omangidwa matcheni, amaluma bwino pansi, ndipo kuwasintha n'kotchipa poyerekeza ndi malamba.

Chachitatu ndi dzimbiri. M'maiko a chipale amathira mchere m'misewu kuti madzi oundana asungunuke, ndipo mcherewo umadya zitsulo, mapaipi a oyilo ndi mawaya. Makina omwe akhala zaka akuchotsa chipale amaonekera kunsi kwake. Akulu akale adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Penti yatsopano pa makina a zaka 15 iyenera kudzutsa mafunso, chifukwa ndi mmene ming'alu yowotcherera pa mikono yonyamula chifosholo imabisidwira.

Mita yowerenga maola nayo si ya kuikhulupirira yokha, poti imatha kufa kapena kusinthidwa. Mboni zenizeni ndi mapini olumikiza mikono: akakhala ogwejemuka, makinawo adagwira ntchito yambiri popanda girisi. M'bokosi momwe mumayenda matcheni ozunguza matayala, oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti mudalowa madzi. Poyendetsa, makina okokera mbali imodzi akulozera ku pampu kapena mota yotopa, ndipo zimenezi ndi zina mwa zida zodula kwambiri pa makina onse. Makina a maola ambiri okhala ndi malisiti a sevisi ndi odalirika kuposa a maola ochepa omwe mwini wake sangafotokoze mbiri yake.

Pali chinanso chomwe sichiyenera kunyengereredwa ngakhale mtengo utatsika chotani. Dalaivala wa makinawa amakhala pakati pa mikono iwiri yachitsulo, ndipo ambiri mwa makinawa amalowera kutsogolo, modumpha chifosholo. Mchaka cha 1998, bungwe la boma la America loona za chitetezo cha anthu pantchito la NIOSH lidatulutsa chenjezo lapadera kaamba ka imfa za anthu opanikizidwa ndi mikono kapena chifosholo cha makinawa. Opanga adaikamo chitsulo chotsitsira pamimba ndi maswitchi oletsa mikono kuyenda ngati pampando palibe munthu, koma eni ena amadula mawaya ake akayamba kuvuta. M'nyengo ya chipale ngoziyi imakula, chifukwa madzi oundana amamata zopondera ndipo munthu amayesedwa kusuzumira pansi pa chifosholo chokwezedwa kuti agobole. Makina odulidwa mawaya achitetezo ndi ofunika kuwasiya pomwepo, kapena kukonzetsa asadagwire ntchito ngakhale ola limodzi.

Alipo omwe amati mavuto onsewa atha pogula makina atsopano. Mfundo yawo ili ndi mutu: atsopano amabwera ndi galanti ndipo kwa kampani yochotsa chipale m'malo ambiri, tsiku limodzi lokhala pansi litha kuluzitsa makasitomala. Koma kwa munthu wogwiritsa makina maola owerengeka pa chaka, ngongole ya kubanki imabwera mwezi ndi mwezi, chipale chigwe kapena chisagwe. Kuonjezera apo, malamulo ochepetsa utsi omwe adakhwimitsidwa ku America kuyambira 2013 pa injini za msinkhu uwu adachititsa kuti makina ena akhale ndi sefa ya mwaye, yomwe imatsekeka injini ikamangolira pang'onopang'ono pa ntchito zopepuka. Injini zakale, monga za Kubota zomwe zili m'ma Bobcat ambiri a zaka za m'ma 1990, makaniko wa m'tauni yaing'ono amazimasula popanda kompyuta.

Enanso amati kwa banja la njira imodzi yopita kukhomo, kulemba waganyu kapena kubwereka makina n'kotchipa kuposa kugula. Awa akunena zoona, ndipo wosakhala ndi ntchito ya m'nyengo yotentha ayenera kuwamvera. Makinawa amang'amba kapinga akamakhota ndipo dalaivala saona bwino kumbuyo, zomwe n'zoopsa pakhomo pa ana.

Chomaliza, chomwe mwina chikuposa dzina la kampani, ndi mtunda wopita kwa wogulitsa masipeya. Paipi ya oyilo ikaphulika 4 koloko m'mawa, makina abwino ndi omwe sipeya yake ikupezeka m'tauni momwemo tsiku lomwelo.

Nkhaniyi ingaoneke yakutali, koma ikukhudza makomo ena m'dziko muno. Mumzinda wa South Bend ku Indiana, komwe kumakhala Amalawi ambiri, chipale chochokera ku nyanja ya Michigan chimagwa chaka ndi chaka. Wachibale wa kumeneko akaganiza zolowa bizinesi yochotsa chipale n'kugula makina owola pangongole, ndalama yomwe ili pachiswe ndi yomwe ija imalipira fizi ndi kugula feteleza kumudzi. Komanso makina akale a kumaiko ozizira ena amathera kuno ku Africa pa ntchito za zomangamanga, ndipo amabwera ndi dzimbiri lawo lomwelo la mchere.

Safunsa adadya phula. Wogula atenge makaniko wake, osati wa wogulitsa, amulipire tsiku limodzi, afike injini ili yozizira ndipo agwade n'kusuzumira kunsi ndi tochi. Wogulitsa akakana zimenezi, wayankha kale funso lonse, ndipo ndalamayo ibwerere m'thumba.