Mlandu wa Skyler White unali chiyani?

M'masabata omaliza a sewero la pa kanema la Breaking Bad, kuyambira pa 11 Ogasiti mpaka pa 29 Seputembala 2013, oonera ambiri anali atagamula kale mlandu. Kwa iwo, Walter White, mphunzitsi wa chemistry wa ku Albuquerque amene anasanduka wophika mankhwala osokoneza bongo a methamphetamine, anali ngwazi. Wolakwa anali mkazi wake. Ankamunena kuti ndi wolongolola, wachiphamaso, wosayamika. Pa Facebook panali masamba amene ntchito yake inali kudana ndi Skyler White basi, ndipo anthu zikwizikwi ankawatsatira. Chidanicho chinasefukira n'kugwera Anna Gunn, amene ankasewera ngati Skyler, moti mu Ogasiti momwemo analemba mu New York Times kuti munthu wina anafunsa poyera kumene angamupeze kuti amuphe. Wofuna kuphedwayo anali Gunn, mayi wamoyo wogwira ntchito yake.

Ena amati oonerawa anangosokonezeka mutu ndi kukoma kwa seweroli. Ine ndikukana. Ankateteza chikhulupiriro chimene anali nacho kale asanatsegule kanemayo, chakuti mwamuna wobweretsa ndalama pakhomo safunsidwa mafunso.

Tiwerenge milandu. Pofika nthawi imeneyo Walter anali ataonerera Jane, chibwenzi cha Jesse Pinkman, akutsamwa mpaka kufa, iye ali chilili, pamene kungomutembenuza kukanamupulumutsa. Anali atapatsa poizoni kamwana, Brock, pofuna kunyenga Jesse. Anali atalamula kuti amuna 10 aphedwe m'ndende m'mphindi ziwiri zokha. Nanga Skyler? Anagona ndi bwana wake Ted Beneke, anamupatsa ndalama za Walter kuti alipire msonkho, anabisa ndalama za mankhwalazo kudzera mu bizinesi yotsuka magalimoto, ndipo chakumapeto anauza mwamuna wake kuti Jesse aphedwe. Sindikumuyeretsa. Koma chidani chinayamba iye asanachite chilichonse mwa izi, pamene tchimo lake linali kufunsa kuti munali kuti usiku wonse, nanga foni yachiwiriyi ndi ya chiyani.

Chishango cha okonda Walter chinali chimodzi: ankachitira banja. Munthu wapezeka ndi khansa ya m'mapapo, malipiro ndi ochepa, mkazi ndi woyembekezera, mwana wamkulu ndi wolumala, akanatani? Koma seweroli linathyola chishangochi koyambirira kwenikweni. Anzake akale olemera, Elliott ndi Gretchen Schwartz, anamupatsa ntchito, kenako anadzipereka kulipira chipatala chonse. Anakana chifukwa cha kunyada. Iye mwini anawerengera kuti banja lake lifunika madola 737,000 akadzamwalira. Pomaliza anali ndi madola pafupifupi 80 miliyoni okwiriridwa m'migolo m'chipululu. Amene anamutengera pa mulu wa ndalamazo n'kumufunsa kuti zokwanira ndi zingati anali Skyler. Funso lanzeru kuposa onse m'zigawo 62 za seweroli linachokera kwa munthu amene oonera ankafuna kuti atseke pakamwa.

Ntchito yanga ndi yomasulira, ndipo pali ziganizo zina zimene ndimalimbana nazo tsiku lonse zisanalole kulowa m'Chichewa. Cha Walter sichivuta. "Ndikuchitira banja" chimalowa ngati chinabadwira kuno, ndipo chimapeza abale ake akuchidikira: banja ndi kupirira, mwamuna ndi kabudula amathera moyenda, mwamuna safunsidwa kumene wachokera. Choncho tisafulumire kuseka anthu a ku America. Taganizani za mkazi wa bwana amene nyumba yake ikukwera msanga kuposa malipiro ake. Akafunsa, achibale amati akufuna kupasula banja lake lomwe. Akakhala chete, tsiku limene bwanayo amangidwa anthu omwewo amati ankadya nawo, mwinanso ndiye ankamutuma. Skyler anayesa njira zonse ziwiri. Anapempha kuti ukwati uthe, anamuthamangitsa Walter panyumba, anaitana apolisi atabwerera mokakamiza, ndipo anatukwanidwa. Atagonja n'kuyamba kuwerengera ndalamazo, anatukwanidwanso.

Wina anganene kuti ndi sewero chabe, ndipo kusangalala ndi munthu woipa pa kanema si mlandu. Ndikuvomera. Nthano zathu zomwe zimakoma chifukwa cha kalulu wabodza, ndipo Bryan Cranston anasewera Walter mwaluso loti sungayang'ane kumbali. Koma kusangalala ndi mochenjerera mwa chigawenga n'kosiyana ndi kulusira munthu amene chigawengacho chikumuzunza. Pamene Skyler anauza Walter kuti chimene angathe n'kungodikira kuti khansa ibwerere, ambiri anamva nkhanza. Ine ndinamva mkaidi amene watumiza ana ake kwa m'bale wake chifukwa m'nyumba mwake simulinso mwabwino, ndipo watsala ndi chiyembekezo chimodzi chonyansa.

Olemba seweroli nawonso asathawe. Vince Gilligan ndi anzake anadabwa ndi chidanichi n'kuchidzudzula, koma ndi iwo amene anaika kamera paphewa pa Walter kuyambira tsiku loyamba. Kwa iye kunali chipululu, mfuti, nyimbo ndi nthabwala. Kwa Skyler kunali khitchini ndi nkhope yokayikira. Nthawi iliyonse akalowa, nkhani yosangalatsa inkaima, ndipo woonera anaphunzira kumuona ngati chotchinga.

Anayesa kukonza. M'chigawo cha "Ozymandias", pa 15 Seputembala, Hank, mlamu wake wa Skyler, ataphedwa m'chipululu, Walter analanda khanda lawo Holly n'kuthawa nalo, kenako anaimba foni kunyumba akudziwa kuti apolisi akumvetsera. Anamutukwana Skyler ndi mawu ofanana ndi amene ankalembedwa pa intaneti, misozi ili m'maso, cholinga chili choti apolisi akhulupirire kuti mkaziyo ankangoopsezedwa. Emily Nussbaum wa The New Yorker anaona kuti olembawo akuwaonetsa oonera oterewa nkhope zawo. Komabe panali ena amene anaombera m'manja kuti tsopano wamuuza zoona. Ena anaona chikondi chachikulu cha mwamuna wodzipereka, n'kuiwala kuti khandalo analilanda mayi ake akuthamangira galimoto, akulira pamsewu.

Chigawo chomaliza, chimene anthu 10.3 miliyoni anaonera ku America usiku umenewo, chinayesa kukondweretsa mbali zonse, ndipo apa ndi pamene ndimakwiya nacho. Walter anaima m'khitchini n'kuvomera kwa Skyler kuti zonse anachitira iye mwini, kuti ankazikonda ndiponso ankazitha. Kuvomerako kunatenga mphindi zochepa. Ola lonselo linamupatsa chilichonse chimene omutsatira ankafuna: anaopseza a Schwartz kuti adzapereke madola oposa 9 miliyoni kwa mwana wake, anapha adani ake ndi mfuti yobisidwa kumbuyo kwa galimoto, Jesse anamasuka, ndipo iye anafera pakati pa zipangizo zophikira mankhwala, unyolo usanakhudze manja ake.

Patangopita masiku ochepa, omukonda analipira chilengezo cha imfa yake mu Albuquerque Journal, ndipo mu Okutobala anamuchitira mwambo wa maliro kumanda enieni a mumzindawo. Skyler seweroli linamusiya m'kanyumba kakang'ono, nyumba yake italandidwa ndi boma, akugwira ganyu yolandira mafoni pa kampani ya matakisi, mlandu ukumudikira. Chimene mwamuna wake anamusiyira m'manja chinali tikiti ya lotale yolembedwa manambala a malo amene Hank anakwiriridwa, kuti akakambirane nayo ndi oimira boma pa milandu.