Inhela sipha mwana, akuphedwa ndi mantha athu

June akafika ku Mzuzu, chifunga chikakuta Katoto ndi Luwinga, odwala mphumu amadziwa kuti nyengo yawo yowawa yakwana. Timatseka mazenera, mbaula n'kuilowetsa m'nyumba kuti tiothe, ndipo utsi wonse wa makala umathera m'mapapo. Pakati pa usiku chifuwa cha mwana chimayamba kulira ngati mluzu, nthiti zikuloweka uku akulimbana ndi mpweya.

M'mawa ku Mapale kapena ku Mzuzu Central Hospital, dokotala akalemba inhela, makolo ambiri amakana. Amati mwana akadali wamng'ono, akaizolowera sadzasiyanso, bola mapilitsi kapena jakisoni. Ena amati inhela imafoola mtima, ena amati ndi ya munthu amene watsala pang'ono kutisiya. Zonsezi ndi zabodza, ndipo bodza limeneli likutengera ana kumanda.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Pilitsi limodzi la salbutamol la akuluakulu ndi mamiligalamu 4. Kupopera kamodzi kwa inhela ya buluu ndi mamaikulogalamu 100 a mankhwala omwewo, kutanthauza kuti pilitsilo lili ndi mankhwala ochuluka ka 40. Pilitsi limayamba lazungulira m'magazi thupi lonse, n'chifukwa chake manja amanjenjemera ndipo mtima umagunda kwambiri. Inhela imapereka kamankhwala kochepa pamalo pamene pali vuto, njira za mpweya n'kutseguka m'mphindi zochepa. Ndiye choopsa apa ndi chiti?

Nkhani yoti munthu amaizolowera imachokera pa kusamvetsa. Mphumu ndi kutupa kwa njira za mpweya, ndipo inhela ya buluu sichotsa kutupako, imangomasula chifuwa kwa maola angapo. Yochepetsa kutupa ndi ina, ya beclomethasone, imene nthawi zambiri imakhala ya bulauni ndipo amapopera tsiku lililonse ngakhale akupeza bwino, kenako n'kuchukucha mkamwa. Munthu amene akugwira ya buluu kangapo pa sabata sanaizolowere ayi, matenda ake ndiwo sakusamalidwa. Chichokereni 2019, bungwe la akatswiri a mphumu padziko lonse la GINA linaleka kulangiza kuti akuluakulu ndi achinyamata azidalira ya buluu yokha.

Apa ndiye pamene ndikuloza chala boma. Kodi ndi odwala angati amene amamva mawu aja akuti "mankhwala atha, mukagule ku famase"? Mayi wogulitsa tomato ku Zigwagwa akafika ku famaseko amasankha ya buluu chifukwa ndi imene imamuthandiza nthawi yomweyo, ya bulauni n'kuisiya. Akabanikanso amabwerera kuchipatala usiku, amamuika pa okosijeni, ndipo boma limawononga ndalama zoposa mtengo wa inhela ija. Bungwe la WHO limati mu 2019 mphumu inapha anthu 455,000 padziko lonse, ambiri a iwo m'maiko osauka ngati lathu lino, kumene mankhwala opoperawa amasowa.

Ngakhale inhela ipezeke, ambiri sanaonetsedwepo kagwiritsidwe ntchito kake. Amapopera pa lilime, mankhwala n'kuthera kukhosi. Pafunika kuigwedeza kaye, kutulutsa mpweya, kutseka milomo pa inhelayo, kudina uku mukukoka mpweya pang'onopang'ono, kenako n'kuugwira kwa masekondi 10. Mwana wamng'ono sangathe zonsezi, koma njira ilipo yosalira ndalama. Mu 1999 Heather Zar ndi anzake a ku Cape Town anaonetsa kuti botolo la pulasitiki la mamililita 500, lobooledwa kunsi n'kulowetsamo inhela mothina, limagwira ntchito mofanana ndi chipangizo chogula chothandiza mwana kukoka mankhwala a inhela. Mumapopera kamodzi m'botolo, mwana n'kupuma kangapo kudzera kukamwa kwa botololo. Mabotolo otere ali mbwee m'ngalande za ku Chibavi, koma m'zipatala zathu simuwaona kawirikawiri.

A Unduna wa Zaumoyo ndi a Central Medical Stores Trust, ikani inhela zonse ziwiri m'zipatala zing'onozing'ono nyengo yozizira isanafike, ndipo namwino asamapereke inhela asanaone wodwala akupopera pamaso pake. Inu makolo, dokotala akalembera mwana wanu inhela, landirani, ndipo muuzenso aphunzitsi ake kuti ili m'chikwama.