Musanasonkhetse ndalama za kompyuta yatsopano, yambani mwaiona yakale ija

Pa msonkhano wa bungwe la parishi mwezi watha, a mlembi athu anapempha kuti pakhale copereka capadera cogulira kompyuta yatsopano. Anati ya mu ofesi yakalamba, ukaiyatsa m'mawa ungathe kupita kukamwa tiyi ndi kubwerako isanatseguke. Anthu anaseka, koma atachula mtengo kuseka kunatha. Ambiri a ife ndife alimi, ndalama timaiona kamodzi pa caka tikagulitsa cimanga ndi nshawa, ndipo denga la nyumba ya akatekisiti likali kudontha. Ndinapempha kuti andipatse sabata imodzi ndi makinawo. Zimene ndinapeza zingathandize maparishi ena ndi makoparetivu a alimi.

Mu kompyuta muli malo awiri amene anthu amawasokoneza. Hard disk ili ngati nkhokwe, ndimo mukhala zonse zimene munasunga. RAM, imene ena amati memori, ili ngati mphasa ya pabwalo pamene mumathira cimanga cimene muli kutonola lero. Pulogalamu iliyonse imene mwatsegula imatenga malo pa mphasapo. Mphasa ikadzaza, kompyuta imayamba kubweza zina ku nkhokwe ndi kukazitenganso ikazifuna, uku ndi uku osapuma. Mukaona kanyale ka disk kali kuphethira kosalekeza pamene makina aima njii, kawirikawiri vuto ndi limeneli. Si ukalamba ai, ndi kucepa kwa mphasa.

Yambani ndi zosalira ndalama. Dinizani pamodzi Ctrl, Shift ndi Esc kuti mutsegule Task Manager. Pamenepo mudzaona kuculuka kwa memori imene yadyedwa ndi amene ali kuidya. Pa mbali yolembedwa Startup pali mapulogalamu amene amadzuka okha mukangoyatsa makina. Mu yathu, ya RAM ya 4GB, ndinapezamo pulogalamu ya pirinta imene inaonongeka kalekale, ina ya nyimbo, ndi ma antivirus awiri amene anali kulimbana okhaokha ngati atambala awiri m'khola limodzi. Umodzi ndi wokwana, ndipo Windows 10 imabwera kale ndi wake. Masamba a pa intaneti nawonso amadya memori kwambiri; osasiya khumi ali otsegula pamene muli kuwerenga limodzi.

Ndicenjezeko za mapulogalamu amene amalonjeza kuti adzathamangitsa kompyuta yanu mukangodiniza kamodzi. Ine sindiwakhulupirira. Nawonso amakhala pa mphasa yomweyo, ndipo ena amabwera ndi zotsatsa malonda kapena mavairasi.

Nkhokwe nayo isadzaze mpaka pakamwa, cifukwa makina amafunamo malo opumira. Mavidiyo a kwaya ndi zithunzi za maukwati zisamutsireni pa disk ya kunja.

Kenaka fumbi. Kompyuta yathu inali pansi pa tebulo, pa simenti, ndipo nditaitsegula ndinapeza fani yake itavala bulangete la fumbi. Purosesa ikatentha imadzicedwetsa yokha kuti isapse, ndiye ganizani mmene zimakhalira mu Okutobala ku cigwa ca Luangwa. Zimitsani, cotsani nthambo ya malaiti, uzirani fumbi lonse, ndipo muiike pamwamba. Citenje cophimbira ndi cabwino usiku cabe, osati pamene makina ali kugwira nchito.

Zikakanika izi, mpamene mungatulutse kandalama, koma kocepa. Kuonjeza RAM kucoka pa 4GB kufika pa 8GB ndi kukulitsa mphasa ija. Samalani pogula: DDR2, DDR3 ndi DDR4 sizilowa pa malo amodzi, ndiponso ya laputopu isiyana ndi ya kompyuta ya pa tebulo. Nyamulani yakale kapena lembani nambala ya makina popita ku sitolo ku Chipata kapena ku Lusaka. Funsaninso ngati Windows yanu ndi ya 32-bit, pakuti imeneyo singagwiritse nchito memori yopitirira 4GB, ngakhale muikemo yoculuka bwanji. Koma cimene cinasintha kwambiri kompyuta yathu ndi kucotsa hard disk yakale, ija ya mbale zozungulira, ndi kuikamo SSD, imene ilibe cozungulira mkati. Tsopano imatseguka a mlembi asanatsirize kupukuta mpando. SSD safuna kuicita defragment monga tinali kucitira ndi ma disk akale.

Sindifuna kunamiza munthu kuti makina akale alibe ngozi. Kampani ya Microsoft inaleka kutumiza zotetezera Windows XP mu Epulo 2014, Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo thandizo la masiku onse la Windows 10 linatha pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 imafuna kacipangizo kochedwa TPM 2.0 kamene makompyuta ambiri akale alibe. Ogulitsa adzakuuzani kuti pamenepa palibe cina koma kugula. Njira zina zilipo. Kompyuta yosungira maina a obatizidwa ndi kulembera makalata ingagwire nchito bwino yosalumikizidwa ku intaneti, malinga muleke kulola aliyense kulowetsamo fulashi yake, pakuti mavairasi ambiri kuno amayenda ndi mafulashi. Ngati intaneti ifunika, pezani mnyamata kapena mtsikana wodziwa aikemo Linux Mint kapena Lubuntu. Ndi zaulere, sizidya memori yambiri, ndipo LibreOffice imatsegula makalata a Word ndi Excel. A mlembi adzadandaula masiku oyamba, kenaka adzazolowera. Za ndalama za ku banki zokha musacitire pa Windows imene inasiyidwa.

Cimene cinandiopsa ine si kucedwa kwa makina. Mu disk ija, ya zaka zoposa khumi, munali maina a ubatizo, a cilimbitso ndi a maukwati, pamodzi ndi mndandanda wa mamembala a koparetivu olandira feteleza wa FISP, ndipo kunalibe kope lina kwina kulikonse. Disk ikafa siilaira. RAM nayo imaiwala zonse malaiti akangozima, monga tinaonera mu 2024 pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti anali kupita maola ambiri pa tsiku. Polemba, dinizani Ctrl ndi S pafupipafupi. Ndipo munthu asanagwire sikuludiraiva kuti atsegule makina anu, koperani zonse pa malo awiri.

Kwathu fulashi imodzi ili kwa abambo mfumu, ina kwa a msungicuma, ndipo a mlembi amazikonzanso Lacisanu lomaliza la mwezi. Mabuku a pepala sitinawaleke. Bungwe linalipira SSD ndi RAM kucokera m'thumba la ofesi, ndipo copereka capadera cija cidzapita ku malata a nyumba ya akatekisiti mvula isanayambe.