Bryce Young adayenera kupatsidwanso mwayi

M'chaka cha 2023 timu ya Carolina Panthers, yomwe imasewera mu ligi ya NFL ku America, idasankha Bryce Young kukhala woyamba mwa anyamata onse ochokera m'makoleji. Mpira wa kumeneko ndi wa manja, ndipo Young ndi quarterback, wosewera amene amaponyera anzake mpira n'kumawongolera timu yonse.

Zinthu sizidamuyendere. Chaka chimenecho timuyi idapambana masewero awiri okha mwa 17. Mu 2024, atangosewera kawiri, kochi Dave Canales adamukhazika pabenchi n'kuikapo Andy Dalton, mkulu wa zaka 36.

Ambiri adati mnyamatayu watha. Ine ndikuti adafulumira kuweruza. Mu 2023 adani adamugwetsa ka 62 mpira uli m'manja. Nanga omuteteza adali kuti? Munthu angaponye bwanji mpira ali chagada?

Komansotu a Panthers ali nayo mbiri. Sam Darnold ndi Baker Mayfield adavutika patimu yomweyi mu 2022, onse n'kuchoka. Mayfield adakawala ku Tampa Bay, pomwe Darnold adapambana masewero 14 ndi Minnesota Vikings mu 2024.

Chondiwawa n'chakuti Young sadabwerere m'bwalo chifukwa choti mabwana adasintha maganizo ayi. Mu Okutobala 2024 Dalton adavulala chala pangozi ya galimoto, mpata n'kupezeka. Young sadauchokenso malowo chaka chimenecho, ndipo m'nyengo ya 2025 adatsogolera Panthers kukhala akatswiri a gulu lawo la NFC South, koyamba chichokereni 2015.