Loweruka limene ndinagona pansi pa pikapu

Galimoto yanga ndi Toyota Hilux yakale ya dizilo, imene yandinyamulira chimanga, simenti, mbuzi ngakhalenso anamalira popita kumudzi. Zaka zonsezi, ikangokwanitsa makilomita 5,000, ndinkapita nayo kugalaja, n'kukhala pabenchi ndikusewera ndi foni, kenako n'kulipira osafunsa kanthu. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chigubu cha oilo chinakwera mtengo, fyuluta nayonso, ndipo amakaniko anga anakweza yawo, poti nawonso ufa amagula kumsika womwewu. Apa m'pamene ndinayamba kudziuza kuti kumasula bawuti imodzi sikufuna satifiketi ya TEVETA.

Loweruka lina ndinalawirira kukagula oilo wa 15W-40, fyuluta ndi kawashala katsopano ka pabawuti yotulutsira oilo. Nditabwerako ndinaisiya injini ikulira kanthawi, chifukwa oilo wofunda amatuluka msanga. Ubwino wa pikapu ndi msinkhu wake: jeke safunika. Ndinakoka handibuleki, kupinga matayala ndi miyala, kuyala katoni, kuika beseni lolandirira oilo, ndipo ndinakwawira pansi ndi sipanala ya 14 m'manja.

Palibe anandichenjezapo kuti munthu akagona chagada mutu umasokonezeka. Ndinakakamira bawutiyo ndi mphamvu zanga zonse, thukuta lili kamukamu, osadziwa kuti ndikuimangitsa. Itamasuka, oilo sanagwere pansi molunjika monga ndinkaganizira. Anafwamphuka cham'mbali, kudumpha beseni, kutsetsereka ndi mkono wanga mpaka m'khwapa, wotentha ngati phala la mwana. Bawuti inandipulumuka n'kumira m'beseni muja. Ndili mkati moifufuza ndi zala, ndinaona mapazi awiri ataima pafupi ndi tayala.

"Abambo, beseni limenelo ndi lochapira zovala za ana."

Ndinayankha kuti ndigula lina. Mapaziwo anaima kanthawi osanena kanthu, kenako anabwerera m'nyumba.

Fyuluta ndiye inandionetsa zakuda. Ili pamalo opanikiza, ndipo amene anaimanga komaliza anali atadya nsima yokwanira. Ndi manja inakana. Ndinavula lamba wa thalauza, kuikulunga, kukoka pang'onopang'ono mpaka inalola. Yatsopano ndinaipaka oilo pa mphira wake wozungulira, monga ndinaonera pa YouTube, ndipo ndinali pafupi kuimanga pamene mtima unandiuza kuti ndiimbire kaye amakaniko aja. Manyazi analipo, poti ndinali kuwalanda ntchito, koma ndinaimba.

Anaseka mpaka kutsokomola. Atatha anangofunsa funso limodzi: "Bwana, mphira wa fyuluta yakaleyo watuluka nayo?"

Ndinaitembenuza. Panalibe mphira. Ndinapisa dzanja pa injini, ndipo ndinaupeza utakanirira pomwepo, wakuda, wosaoneka ndi maso. Ndikanamanga yatsopanoyo pamwamba pake, mphira iwiri ikanasanjikizana, ndipo injini ikadzalira, oilo akanatulukira pamenepo ndili pamsewu. Injini ya dizilo ikauma oilo siichedwa kugwira, ndipo mtengo woikonza ndi wogulitsira ng'ombe. Ndalama imene ndinkadandaula nayo zaka zonsezi, ndimaganiza kuti ndikulipira thukuta la munthu womasula bawuti, chikhalirecho ndimalipira funso limenelo. Anandiuzanso kuti fyuluta imamangidwa ndi dzanja basi, osati ndi chitsulo, ndipo sanandilipiritse kanthu, ngakhale ndikudziwa kuti nkhaniyi inafika kwa anyamata onse a pagalaja lisanalowe dzuwa.

Zotsalazo zinayenda bwino. Washala watsopano, bawuti yomanga mwachikatikati kuopa kudya mazinga, kenako kuthira. Injini imeneyi imamwa pafupifupi malita 7, koma ndinathira 6 kaye, kudikira kuti atsike, kusolola kachitsulo koyezera, kupukuta, kubwezera, kusololanso. Oilo wochuluka kupyola mzere wapamwamba amaononganso, choncho ndinaonjezera pang'onopang'ono ngati mchere wa m'ndiwo. Nditaliza injini, kanyali kofiira ka oilo kanayaka kamphindi, mtima wanga uli m'mwamba, kenako kanazima. Ndinasuzumira pansi: panalibe dontho. Patatha masiku awiri oilo anali atadanso bii, koma amakaniko anati umo ndi mmene dizilo amachitira chifukwa cha mwaye, ndisasowe nazo tulo.

Kodi ndinapulumutsa ndalama? Mukachotsera beseni latsopano, malaya amene anasanduka chopukutira, ndi sopo wa paketi yathunthu, zotsalazo sizikwana kugula nkhuku. Komabe ndidzachitanso, chifukwa pansi paja ndinaona zimene sindikanaziona ndili pabenchi: mphira wina wong'ambika pafupi ndi tayala lakutsogolo, ndi bawuti ya chitsulo chotchinga injini imene inasowa kalekale.

Chimene chinandisowetsa mtendere ndi oilo wakale uja, malita onsewo ali m'chigubu pakhonde. Aneba anabwera tsiku lomwelo kudzapempha kuti akapake mitengo ya khola la nkhumba, chiswe chisadye. Ena anati ndiwagawire akathire m'chimbudzi kuti fungo lithe. Awa ndinawakaniza, chifukwa chitsime chimene tonse timatungapo madzi mipope ikauma chili kumunsi kwa chimbudzi chomwecho, ndipo oilo akalowa m'nthaka sabwerera. Anachoka akung'ung'udza kuti galimoto yandichititsa matama. A khola aja ndinawapungulira lita imodzi. Wotsalayo ndinatseka bwinobwino, n'kumukweza kumbuyo kwa pikapu, ndipo Lolemba ndinapita naye kugalaja konkuja, nditanyamulanso Fanta wozizira wa amakaniko.