Injini yakale ikagogoda, tisalirire mtovu

Peugeot 404 kapena Land Rover yakale ikayamba kugogoda pokwera chitunda pa giya yaikulu, mwini wake sachedwa kuweruza kuti petulo wa masiku ano ndi wopanda mphamvu. Chimene chimachitika n'chakuti mafuta ndi mpweya zimene moto wa pulagi sunazifikire zimaphulika zokha chifukwa cha kutentha ndi kupanikizika, ndipo zikapitirira pistoni imabooka. N'zoona kuti mankhwala a mtovu othira mu petulo amene Thomas Midgley wa ku General Motors anawapeza mu 1921 ankaletsa zimenezi pokweza octane, muyezo wa mmene petulo amapiririra osaphulika yekha. Koma lero octane amakwezedwa m'njira zina, ndipo injini ya 2.25 ya Land Rover, yopanikiza pa 7:1 kapena 8:1 basi, sifuna wochuluka. Ine ndikuti mlandu uli pa injini yokalambayo.

Galimoto zatsopano zili ndi kachipangizo komva kugogoda, kompyuta n'kuchedwetsa moto yokha. Yakale imadalira distributor imene masipuling'i ake anafooka kalekale, moti moto umafulumira kuposa muyezo. Mwaye wounjikana pamwamba pa pistoni umachepetsa malo n'kusunga kutentha, ndiye redieta ikakhalanso yotsekeka, vuto lakwana. Kuno ku Malawi pali chinanso: kuyambira 1982 petulo amasakanizidwa ndi ethanol, woyamba kupangidwa ku Dwangwa. Ethanol payekha amakweza octane, koma amabwera ndi okosijeni wake, choncho kabuleta yakale imapereka mafuta operewera ndipo injini imatentha. Makaniko wodziwa ntchito amabweza taimingi pang'ono, n'kuika majeti okulirapo, n'kutsuka redieta, asanagwire botolo lililonse la mankhwala othira m'thanki.

Ena amati kubweza taimingi kumadya mphamvu. Kumadyadi, makamaka mukapyola muyezo, pamene injini imayambanso kutentha. Koma madigiri awiri kapena atatu sangafanane ndi mtengo wa pistoni imene mwina muyenera kuitanitsa kunja. Amene akunena zomveka ndi odandaula za mavalavu, chifukwa mtovu unkatetezadi pokhalira mavalavu otulutsa utsi. Komatu limenelo ndi vuto lina, ndipo mankhwala ake ndi kuikamo pokhalira pachitsulo cholimba. Mtovuwo sudzabweranso: unkawononga ubongo wa ana, ndipo Algeria, dziko lomaliza kugulitsa petulo wotero, inasiya mu 2021.